Kukonzekera Kusiyira Ana ndi Adzukulu Ndalama Zakale Zachitsulo

M'makomo ambiri a kuno ku Mulanje muli chitini kapena kathumba kamene agogo amasungamo ndalama zakale zachitsulo, ndipo kawirikawiri kamakhala pansi pa sutikesi popanda wina wodziwa zimene zili m'katimo. Pa ntchito yanga yoyendera mabanja ndinafika pakhomo pena, patangopita miyezi yochepa mwini nyumba atamwalira, n'kupeza kuti makobidi oboola pakati amene iye anawasunga zaka zoposa 60 akhomeredwa padenga kuti agwire misomali ya malata. Anawo sanachite mwano. Bambo awo sanawauzepo chimene makobidiwo anali, ndipo palibe pamene analemba. Malangizo anowa ndi a inu amene mukusunga ndalama zoterezi ndipo mukufuna kuti zidzafike bwino m'manja mwa okutsatirani.

Ntchito yoyamba ndi kudziwa zimene muli nazo, ndipo chaka cholembedwa pa ndalamayo ndicho chimakutsogolerani. Makobidi oboola pakati okhala ndi njovu ziwiri ndi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Dziko litalandira ufulu mu 1964 kunatuluka ndalama za nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo sheleni inali ndi chimanga pomwe ya masheleni awiri inali ndi njovu. Kwacha itabwera mu 1971, paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha awiri, motero sheleni inasanduka 10 tambala ndipo chimanga chija chinapitirira kuoneka pa 10 tambala, njovu zija pa 20 tambala. Ndalama za 50 tambala ndi K1 zachitsulo zinadza mu 1986, kenaka za nkhope ya Bakili Muluzi ulamuliro utasintha mu 1994. M'zitini za kuno mumapezekanso tiki (ndalama ya makobidi atatu) ndi masheleni a ku Joni obwera ndi amene anapita ku migodi, komanso ma escudo a ku Mozambique amene ankadutsa pa Muloza dzikolo lisanayambe kugwiritsa ntchito metical mu 1980.

Mukazisanja, gulani kope limodzi lolimba ndipo ndalama iliyonse muipatse nambala. Pa nambalapo lembani dziko, chaka, mtengo wolembedwapo ndi chithunzi chimene chili mbali zonse ziwiri. Kenaka lembani chinthu chimene palibe katswiri angadzachidziwe inu mutachoka, ndicho njira imene ndalamayo inadzera kuti ifike kwa inu. Ngati ili ya malipiro oyamba amene mayi anu analandira pothyola tiyi ku esiteti, lembani motero, ndi dzina la esitetiyo ngati mukulikumbukira. Ngati inabwera m'thumba la malume anu pochokera ku migodi ya ku Joni kumene anapita kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko, lembani chaka chimene anabwerera kumudzi. Apa mpamene ndimapempha anthu kuti asafulumire, chifukwa mdzukulu amene sangaone phindu pa sheleni yakuda adzaisunga mosamala akadzawerenga kuti inatsala pa ndalama zimene agogo ake analipirira sukulu ya bambo ake. Amene maso afooka aitane mdzukulu wodziwa kulemba, iwo azinena iye azilemba, ndipo mwanayo ajambulenso ndalama iliyonse ndi foni mbali zonse ziwiri.

Musazitsuke. Ndikunena izi motsindika popeza cholakwa chimenechi chimachitidwa ndi anthu a mtima wabwino, ofuna kusiyira ana zinthu zowala. Phulusa, mchenga, mandimu ndi sitiliwulu zimakanda nkhope ya ndalama ndipo zipserazo sizifafanizika. Anthu odziwa za ndalama zakale amafuna mtundu umene ndalamayo yautenga ndi zaka, ndipo yopukutidwa mpaka kung'anima amaigula motsika kwambiri kapena kuikana kumene. Ngakhale poigwira, igwireni m'mphepete ndi manja ouma, chifukwa thukuta limasiya chidindo cha chala chimene chimadya chitsulo pang'onopang'ono.

Mdani wamkulu kuno kwathu ndi chinyezi. Mvula ya m'mphepete mwa phiri ndi chiperoni cha miyezi yozizira zimalowa mpaka m'masutikesi, ndipo makobidi a kopa amayamba kumera zobiriwira zimene zimakumba timaenje pa chitsulo. Ndalama iliyonse ikhale m'kaenvelopu kake ka pepala loyera, kolembedwa nambala yofanana ndi ya m'kope, kuti zisamakhulane. Pewani kuzimanga ndi malabala kapena kuziika m'pulasitiki yofewa ya mtundu wa PVC, yonga ya maalubamu ena a zithunzi, pakuti imatulutsa mafuta omata amene amaononga. Maenvelopuwo muwaike m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timatumba toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo chitinicho chikhale pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa ndi utsi wa kukhitchini. Imene yayamba kale kubiriwira muipatule.

Za mtengo wake, auzeni a m'banja zoona. Ndalama zambiri za tambala zinapangidwa zochuluka zedi ndipo sizingalemeretse munthu. Zimene zingakhale ndi mtengo woposerapo ndi zosaperepeseka, zosowa, kapena zokhala ndi siliva, monga masheleni a ku Britain a chaka cha 1946 kubwerera m'mbuyo, pakuti kuyambira 1947 anasiya kuikamo siliva. Mphekesera zoti khobidi loboola limagulidwa mamiliyoni zimadanitsa abale pachabe, ndipo zimatsegulira khomo anthu oyenda m'midzi amene amatenga chitini chonse ponena kuti akukachiyezetsa ku Limbe. Lembani patsamba loyamba la kope kuti ndalamazi zisaperekedwe kwa mlendo, ndiponso kuti wofuna kugulitsa ayambe wafunsa anthu awiri kapena atatu osadziwana asanavomere mtengo.

Tsopano nkhani ya amene adzazitenge. Kuno kumene ambiri timatsata mwambo wa chikamwini, katundu wa bambo akhoza kukanganiridwa pakati pa ana ake ndi ana a alongo ake, ndipo kanthu kakang'ono ngati chitini kamasowa mosavuta pa masiku a maliro. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma njira yodalirika ndi kulemba wilo. Wiloyo ikhale yolembedwa, muisaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zisainenso, ndipo mbonizo musankhe anthu amene sadzalandirapo kanthu. M'menemo tchulani chitinicho ndi kope lake, komanso dzina lonse la wodzalandira.

Maganizo anga ndi akuti ndalamazi zisagawidwe imodziimodzi ngati mmene timagawira zovala za malemu, chifukwa zikabalalika mbiri yake imatha. Ndi bwino zipite zonse kwa mmodzi amene waonetsa chidwi, kaya ndi mwana wamkazi, wamwamuna kapena mdzukulu, ndipo enawo mungawapatse zimene muli nazo ziwiriziwiri mukadali moyo. Mukasankha, itanani akazi anu kapena amuna anu, ana ndi mwinimbumba, mutsegule chitinicho onse akuona, muwerenge ndalamazo mogwirizana ndi kope, ndipo munene ndi pakamwa panu amene mwamusankha ndi chifukwa chake. Ngati palibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuzisunga, lembani kuti akafunse ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre asanaganize zogulitsa.

Kope lija likhale ndi linzake, lojambulidwa kapena lokopedwa pamanja, limene lisungidwe kunyumba ina. Chaka chilichonse mvula ikatha tsegulani chitinicho, muone ngati chinyezi chalowa, musinthe timatumba tija, ndipo mulembe tsikulo kumapeto kwa kope.