Kuika ndi kukweza VirtualBox pa Ubuntu osataya ntchito yanu

Ambiri amene amabwera ndi malaputopu kumalo kumene ndimakonzera makompyuta pa boma la Kasungu anasamukira ku Ubuntu, mtundu wa Linux umene umalowa m'malo mwa Windows, chifukwa ndi yaulere ndipo sivutavuta ndi mavairasi, koma pamakhala pulogalamu imodzi ya Windows imene sangaisiye. Mlembi wina wa kalabu ya alimi a soya ndi mtedza cha ku Santhe amasunga kaundula wa matumba ndi ngongole za mamembala mu pulogalamu yakale imene imangoyenda pa Windows basi. Anthu otere ndimawaikira VirtualBox, imene imapanga kompyuta ina mkati mwa kompyuta yanu, moti Windows imatseguka pa zenera lakelake pamene Ubuntu ikugwirabe ntchito. Inapangidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa innotek, imene Sun inagula mu 2008, ndipo kuyambira 2010 ili m'manja mwa Oracle.

Musanaike kalikonse, lowani mu BIOS, tsamba la makonzedwe a kompyuta limene limatsegulidwa poiyatsa, ndipo onetsetsani kuti VT-x, kapena AMD-V ngati purosesa yanu ndi ya AMD, imene imalola purosesa kuyendetsa kompyuta ya mkatiyo, ndi yoyatsa, popeza malaputopu ambiri a kaunjika amabwera itazimitsidwa. Ngati RAM ndi ya 4 GB yokha, Ubuntu ndi Windows zizilimbirana ndipo zonse zizikwawa. Ine ndimalangiza kuti ifike 8 GB.

Pali magwero awiri. Mukhoza kutenga imene Ubuntu imasunga polemba mu Terminal, zenera lolembamo malamulo, sudo apt update kenako sudo apt install virtualbox, kapena kutsitsa fayilo ya .deb yogwirizana ndi Ubuntu yanu pa virtualbox.org. Ya Ubuntu imatsalirako m'mbuyo koma imakhazikika, pamene ya Oracle imakhala yatsopano. Sankhani imodzi ndipo musazisakanize, chifukwa mukaika ina pamwamba pa inzake tizigawo tawo timakangana ndipo palibe imene imayaka. Fayilo ya .deb ili ndi ubwino woti mukaitsitsa kamodzi mukhoza kuisunga pa flashi, osawononganso bandulo pa kompyuta yachiwiri.

Pamene ambiri amagwa ndi pa Secure Boot, chitetezo chimene chimafufuza mapulogalamu kompyuta ikamayaka. VirtualBox imayenera kulowetsa tizigawo take mu kernel, amene ndi mtima wa Linux, ndipo Secure Boot imakana kachigawo kalikonse kosasainidwa. Poika ya Ubuntu mudzafunsidwa mawu achinsinsi atsopano, alembeni papepala. Mukazimitsa ndi kuyatsanso, padzabwera chithunzi cha buluu chimene chimangodikira masekondi 10. Dinani batani lililonse msanga, sankhani Enroll MOK, vomerezani, kenako lembani mawu aja. Ndaonapo anthu akuchotsa manja pa kiyibodi ndi mantha poganiza kuti makina awonongeka, chithunzicho n'kudutsa, ndiye n'kumadabwa kuti Windows sikuyaka.

Kuti flashi kapena printa zioneke mkati mwa Windows, lembani sudo usermod -aG vboxusers $USER, kenako tulukani mu akaunti yanu ndi kulowanso. Kuyambira pa 7.0, imene inatuluka mu 2022, USB 2.0 ndi 3.0 zimagwira popanda Extension Pack, phukusi lowonjezera la Oracle, choncho ambiri sakuifunanso, ndipo dziwani kuti chilolezo chaulere cha Extension Pack sichikhudza ntchito za bizinesi. Chofunika kwa aliyense ndi Guest Additions, imene imaikidwa mkati mwa Windows kuti zenera lizikula bwino komanso muzitha kugawana mafoda.

Kukweza, kapena kuti kusamukira pa VirtualBox yatsopano, n'kumene kumafuna mtima wodekha kuposa kuika. Choyamba zimitsani Windows ya mkatiyo kotheratu kudzera pa Shut down yake, osati kuigoneka ndi Save the machine state, chifukwa makina ogonekedwa pa VirtualBox yakale nthawi zina amakana kudzuka pa yatsopano. Kenako koperani foda yonse ya VirtualBox VMs, imene ili mu foda yanu ya Home, pa hadi disiki ina. Imatenga nthawi, koma m'menemo ndi mmene muli Windows yonse ndi mafayilo ake. Musayambe batire lili lochepa, pakuti magetsi akathima kukweza kuli pakati mumatsala ndi pulogalamu yoikidwa theka.

Ngati munatenga ya Oracle, kuchoka pa 7.0 kupita pa 7.1 kumafuna kuti muchotse yakale polemba sudo apt remove virtualbox-7.0 musanaike yatsopano. Musaope, kuchotsaku sikukhudza foda ya makina anu. Mukamaliza, kwezaninso Guest Additions, ndipo ngati muli ndi Extension Pack nambala yake ifanane ndendende ndi ya VirtualBox.

Nthawi zina simunakhudze VirtualBox n'komwe, koma Ubuntu yakweza kernel, ndipo mukuona uthenga wakuti Kernel driver not installed wokhala ndi nambala -1908. Mlembi wa ku Santhe uja anakwera minibasi m'mawa kubwera ndi uthenga womwewu, nkhope ili yakugwa, akuganiza kuti kaundula wa nyengo yonse wapita. Tinalemba sudo apt install linux-headers-$(uname -r), kenako sudo /sbin/vboxconfig, imene imamanganso tizigawo tija pa VirtualBox ya Oracle. Pa ya Ubuntu mungalembe sudo apt install --reinstall virtualbox-dkms. Windows inayaka, mayina onse a alimi ali momwemo, ndipo asananyamuke tinakopera foda ija pa hadi disiki imene anaimanga m'kansalu n'kuiika m'chikwama chosiyana ndi cha laputopu.