Mosinthila manambala a malo pa foni kuti akhale madigili, maminiti na masekondi

Mukatsegula Google Maps n'kudinikiza cala pa malo ena kwa kanthawi, pulogilamu imaika kacizindikilo kofiila na kuonetsa manambala aŵili, monga -15.3875, 28.3228. Awa ni malo a mu Lusaka, olembedwa m'madigili a desimo. Koma mafomu ambili a za malo, mamapu a papepa na tumakina twina twa GPS twa m'manja amafuna manambala amenewa m'madigili, maminiti na masekondi, zimene pa mapulogilamu amalemba mwacidule kuti DMS.

Nambala yoyamba ni latitude, ndipo imaonetsa kutalika kwa malowo kucokela pa mzele wa equator kupita kumpoto kapena kum'mwela. Yaciŵili ni longitude, imene imayambila pa mzele wodutsa ku Greenwich mu London kupita kum'maŵa kapena kumadzulo. Mau aŵiliwa tawasiya m'Cizungu cifukwa ni mmene mudzawapezela pa foni. Dziko lonse la Zambia lili kum'mwela kwa equator komanso kum'maŵa kwa Greenwich, conco latitude yathu nthawi zonse imakhala na kamzele ka minus kutsogolo, koma longitude ilibe.

Miniti na sekondi pano si za nthawi. Ni zigawo za digili. Digili imodzi ili na maminiti 60, ndipo miniti imodzi ili na masekondi 60. Pansi pano, digili imodzi ya latitude ni makilomita pafupifupi 111, miniti imodzi ni makilomita 1.85, ndipo sekondi imodzi ni mamita pafupifupi 31. Mukaphonya masekondi aŵili cabe, mwaloŵa kale pa pulote ya munthu wina.

Njila yacidule ni iyi: kopelani manambala a desimo, muwaike m'bokosi lofufuzila la Google Maps, ndiyeno fufuzani. Pulogilamu imaonetsa malowo pamodzi na manambala ake a DMS. Pa iPhone, pulogilamu ya Compass imaonetsa malo amene mwaima m'madigili, maminiti na masekondi kucokela paciyambi. Mapulogilamu ambili a GPS ali na posankha kalembedwe mu Settings, pa mbali yochedwa Coordinate format kapena Position format.

Ngakhale n'conco, dziŵani kuŵelengela nokha, cifukwa kumunda netiweki imasoŵa ndipo kakyuleta ya mu foni siifuna mabando. Tengani 15.3875, kamzele ka minus mukaike pambali poyamba. Nambala ya kumanzele kwa kadontho, 15, ndiyo madigili. Yotsala, 0.3875, muiculukitse na 60. Mupeza 23.25, ndipo 23 ndiyo maminiti. Yotsalanso, 0.25, muiculukitse na 60, mupeza masekondi 15. Lomba kamzele ka minus kaja kasanduka S, kutanthauza kum'mwela: 15°23'15"S. Longitude nayo n'cimodzimodzi. 0.3228 kuculukitsa na 60 ni 19.368, ndipo 0.368 kuculukitsa na 60 ni 22.08. Mulemba 28°19'22.1"E, ndipo E itanthauza kum'maŵa. Pobwelela ku desimo, gaŵani maminiti na 60, masekondi na 3600, muwonkhetse zonse na madigili, ndiyeno bwezelani minus pa latitude.

Ambili amalakwitsa pongoduladula nambala ya desimo, n'kulemba 15.3875 monga 15°38'75". Izi si zoona, ndipo cizindikilo cake n'cakuti maminiti na masekondi safika 60. Coopsa kwambili ni pamene nambala yolakwika ikuoneka yabwino. 15.30 si 15°30', koma 15°18'. Kusiyana kwake ni maminiti 12, omwe ni makilomita pafupifupi 22, ndipo pulogilamu siidzakucenjezani cifukwa manambala onse aŵili ni otheka.

Palinso kalembedwe kacitatu, ka madigili na maminiti a desimo, kamene tumakina twambili twa GPS twa kampani ya Garmin tumabwela nako. Malo athu aja m'kalembedwe aka ni 15°23.250'S. Palibe masekondi apa. Munthu akaŵelenga mofulumila n'kulemba 23'25", wawonjezela masekondi 10, ndipo cizindikilo cake casuntha mamita oposa 300. Musanakopele manambala pa cinthu ciliconse, yang'anani ngati pali kacizindikilo ka masekondi, tumizele tuŵili tuja, kapena ayi.

Minus ikagwa, -15.3875 n'kukhala 15.3875, mapu amakupelekani ku Sudan. Mukasinthanitsa manambala aŵiliwo n'kuyamba na longitude, mudzapezeka m'nyanja ya Atlantic pafupi na zilumba za Canary. Zolakwa izi ziliko bwino cifukwa zimaonekelatu. Pa Google Maps yambani na latitude nthawi zonse. Musalembe minus na S pamodzi. Sankhani cimodzi, cifukwa mapulogilamu ena amakana ndipo ena amamva zina. Seŵenzetsani kadontho pa desimo, osati koma (,). Nchito ya koma ni kulekanitsa latitude na longitude cabe. Ngati kiyibodi ya foni yanu yabisa kacizindikilo ka digili, siyani mpata pakati pa manambala, monga 15 23 15 S, ndipo muone ngati kacizindikilo kofiila kagwela pamalo oyenela.

Pa nkhani yofupikitsa manambala, musafupikitse muli pakati pa masamu, dikilani kumapeto. Ngati masekondi atuluka 59.97 ndipo mwawakweza kukhala 60, lembani 0 na kuwonjezela 1 pa maminiti. Manambala asanu pambuyo pa kadontho amafika pa mita imodzi na pang'ono, ndipo m'masekondi nambala imodzi pambuyo pa kadontho ni mamita atatu. Kulemba manambala ambili kuposa apa n'kudzivutitsa cabe, cifukwa GPS ya foni pa bwalo poyela imaphonya na mamita angapo, ndipo pansi pa mitengo kapena pa mtenje wa malata imaphonya kwambili. Imani panja, mudikile kuti kabwalo ka buluu kozungulila malo amene mwaima pa mapu kacepe, ndiye mulembe.

Cinthu cina cimene malangizo a mapulogilamu sachula kaŵilikaŵili ni datum, kutanthauza muyeso wa dziko umene manambala aŵelengeledwapo. Mafoni amaseŵenzetsa WGS 84. Mamapu akale ambili a Zambia a 1:50,000 anapangidwa pa Arc 1950, ndipo malo amodzimodzi amasiyana na mamita oposa 100 pakati pa ziŵilizi. Kusintha desimo kukhala DMS sikusintha datum. Ŵelengani m'munsi mwa mapu, ndipo ngati fomu ikufuna Arc 1950, sinthani datum mu pulogilamu yokhoza kutelo musanalembe. Ngati muona manambala aatali opanda madigili, a manambala 6 na 7, amenewo ni UTM, kalembedwe kena kamene kamagaŵa dziko lapansi m'mazoni, ndipo manambalawo ni mamita. Lusaka ili mu zoni 35, Chipata mu zoni 36, cifukwa malile a mazoni aŵiliwa ali pa 30°E. Pa za malile a pulote kapena munda wofuna taitolo, manambala a pa foni angokuthandizani kufika pamalopo. Opima malo ovomelezeka na boma ndiwo amapeleka manambala oloŵa m'mapepa.