Momwe mungatsekere ma torrent pa netiweki ya ofesi ndi Squid

Ku ofesi ina yaing'ono ku Limbe bando inkatha mwezi usanafike n'pakati pomwe, aliyense n'kumaloza chala kampani ya intaneti. Titafufuza tinapeza laputopu imodzi pakona, yovundikiridwa ndi mafayilo, ikukoka mafilimu usiku wonse ndi uTorrent, pulogalamu yotsitsira mafayilo kuchokera pa makompyuta a anthu ena kudzera mu njira ya BitTorrent. Torrent imadya uku ndi uku: ikamatsitsa, imagawiranso anthu akunja zomwe yatsitsazo.

Kuti mutseke ma torrent, yambani ndi kuika Squid, pulogalamu ya proxy yomwe makompyuta a mu ofesi azidutsirapo popita pa intaneti, pa kompyuta ya Linux, ngakhale yakale ija yomwe ikungodya fumbi. Pa Ubuntu lembani sudo apt install squid. Squid imadikira pa port (khomo la pa netiweki) 3128.

Kenako pitani pa rauta, kaya ndi MikroTik kaya pfSense. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Proxy ndi mlonda wa pageti, amangoona odutsa pageti pomwepo, pomwe BitTorrent imalumpha mpanda. Kale kutseka ma port 6881 mpaka 6889 kunkathandiza, koma mapulogalamu a masiku ano amasankha port iliyonse, ndipo amapezana okha pa UDP (njira ina yotumizira data) kudzera mu DHT, mndandanda wa otsitsa womwe amagawana okhaokha. Ndiye tsekani zonse zotuluka, musiye za kompyuta ya Squid zokha ndi DNS (yomasulira mayina a masamba kukhala maadiresi) pa port 53. UPnP, yomwe imalola mapulogalamu kudzitsegulira okha ma port pa rauta, izimitseninso.

Tsopano tsegulani /etc/squid/squid.conf mulembe mizere iwiri iyi:

acl torrent urlpath_regex -i \.torrent$ /announce
http_access deny torrent

Ikhale pamwamba pa mzere wa http_access allow, chifukwa Squid imawerenga kuchokera pamwamba n'kuima pa lamulo loyamba lomwe lagwirizana. Mzere wa http_access deny CONNECT !SSL_ports musaukhudze. Dziwaninso kuti pa masamba a HTTPS Squid imangoona dzina la tsamba, osati fayilo, choncho masamba odziwika a ma torrent muwalembe mayina pa acl (mndandanda ngati uli pamwambawu) ya dstdomain, yomwe imayang'ana dzina la tsamba, n'kuwatsekanso ndi http_access deny.

Yesani ngati mwalemba bwino ndi squid -k parse, zikakhala bwino lembani squid -k reconfigure kuti Squid iwerenge malamulo atsopanowo. Pomaliza ikani adiresi ya proxy ndi 3128 pa kompyuta iliyonse, mafoni omwe.

M'mawa mwake konzekerani madandaulo. Kwathu kuja abwana anabwera foni ili m'manja: "Achimwene, WhatsApp yangayi bwanji sikuimba?" Kuimbako kumadalira UDP yomwe tinatseka. Tinatsegulira foni yawo yokha pa rauta, ena onse tikuwaonera mu /var/log/squid/access.log.