Momwe mungaletsere chigwembe pakhomo m'tauni

Ndimakhala m'munsi mwa phiri la Ndirande, ndipo chigwembe chimene chadutsa pakati pa nyumba za kwathu sichinakumbidwe ndi mtsinje ayi. Achikumba ndi madzi a m'madenga athu omwe. Mitengo ya m'phiri inatha, nyumba zakwera mpaka kumiyala, aliyense wafolera malata ndi kuthira simenti pabwalo. Mvula ikagwa imasowa polowera, ndiye imatsata kanjira ka anthu. Kanjirako kamanka kakuya chaka ndi chaka mpaka mwana sangalumphenso.

Tawerengerani nokha. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mbali zonse, pamenepo patsika lita imodzi ya madzi. Denga la mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 25 imene ingagwe masana amodzi mu Januwale, limakhuthula malita 2,000. Imeneyo ndi migolo khumi ya malita 200, nyumba imodzi yokha. N'chifukwa chake ine ndimauza anansi kuti ntchito iyambire kumtunda, pamene madzi akuchokera. Ambiri amathamangira kukaunjika matumba a mchenga m'kati mwa chigwembe, mvula yoyamba n'kuwakokolola onse.

Yambani ndi denga lanu. Ikani kangalande ka lata m'mphepete mwake kuti madzi agwere mumgolo, ndipo mgolowo muzivundikira kuopa udzudzu. Udzadzaza msanga, choncho osefukirawo muwakonzere kopita. Ngati malo anu ndi athyathyathya kapena otsetsereka pang'ono, kumbani dzenje lakuya mita imodzi, mudzazemo miyala ndi zidutswa za njerwa. Litalikirane ndi maziko a nyumba mamita anayi kapena asanu, komanso lisayandikire chimbudzi kapena chitsime. M'mbali mwake bzalani nthochi. Koma amene muli pamtsetse weniweni musakumbe dzenje lotere, chifukwa dothi likakhuta madzi pamalo otero limatha kugumuka. Inu atsogolereni madziwo ndi ngalande yoyala miyala mpaka akafike m'ngalande yaikulu. Ndipo amene simunathirebe simenti pabwalo, chonde siyani chigawo china chikhale cha kapinga.

Tsopano vetiva, amene ine ndimamudalira koposa. Udzu umenewu mizu yake imalowa pansi choongoka, mamita awiri kapena atatu, ndipo sufalikira m'munda ngati udzu wina. Pamene mwaubzala umakhala pomwepo, phata lake n'kumangonenepa. Mbewu yake funsani kwa alangizi a zaulimi kapena kwa achibale akumudzi amene anaubzala m'mizere ya akalozera. Zulani phata lonse, muligawe timagulu ta mapesi awiri kapena atatu. Dulani masamba atsale masentimita 20, mizu itsale pafupifupi 10. Kumbani kamzere kopingasa mtsetse, osati kotsata kumene madzi akulowera, ndipo kakhale kolingana bwino kuti madzi asathawire mbali imodzi. Bzalani mothinana, mpata wa masentimita 10 mpaka 15 basi, n'kupondereza dothi ndi chidendene.

Mpatawo ndiye musanyozere. Vetiva wobzala motalikirana amaoneka wokongola koma sagwira ntchito, madzi amangodutsa pakati n'kukumba mwamphamvu kuposa kale. Akagwirana amasefa ngati sefa ya mowa: madzi amadutsa pang'onopang'ono, dothi n'kutsalira kumtunda kwa mzere. Pakatha nyengo ziwiri za mvula mudzaona kuti pamenepo pakwera.

M'chigwembe momwe, pitani kumutu kwake, pamene madzi amagwera pansi ngati mathithi. Chimakulira pamenepo, kudya chammbuyo kulunjika kunyumba za kumtunda. Gumulani khomalo ndi khasu likhale lopendekeka, muyalepo miyala, ndipo kumtunda kwake muzungulize mizere iwiri ya vetiva. Kenako tsikani mukumanga timipanda tamiyala topingasa. Tisapitirire m'maondo kutalika. Pakati pakhale potsika kuposa m'mbali kuti madzi adutse pamenepo, ndipo mapeto ake alowe ndithu m'makoma a chigwembe, apo ayi madzi adzalambalala. Kumunsi kwa kampanda kalikonse yalaninso miyala yolandira madzi ogwa. Timipanda tambiri tatifupi timaposa chimpanda chimodzi chachitali. Kumene miyala ikusowa, khomani zikhomo za nsungwi n'kulukapo nthambi. Dothi likadzaza kuseri kwa kampanda, bzalanipo vetiva pomwepo kuti zikhomo zikamaola mizu ikhale itagwira.

Zinyalala m'chigwembe ayi. Ndikudziwa kuti ena amati akukwirira, koma majumbo ndi matewera sizigwira dothi. Zimakatseka kalavati kumunsi, madzi n'kulowa m'nyumba za anzathu, zotsalazo n'kukathera mu Nasolo ndi mu Mudi.

Mitengo ibwere pambuyo, dothi litakhazikika. Pakhomo bzalani mango, mapeyala ndi magwafa, chifukwa mtengo wa zipatso munthu saufulumirira ndi nkhwangwa. M'mphepete mwa mtsinje mukhale mbawa, mkuyu, katope ndi nsungwi. Bulugamu pafupi ndi nyumba kapena chitsime musamuyese. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mbande yobzala mu Malichi imakumana ndi chilimwe isanazike mizu. Kumbani ndi kututa miyala mu Okutobala ndi Novembala, mubzale nthaka ikangonyowa bwino.

Zonsezi munthu mmodzi sangathe, poti madzi a kumtunda amavutitsa wa kumunsi. Kambiranani kudzera kwa amfumu a m'dera, ndipo ochita lendi muwaitane eni nyumba adzaone okha mng'alu wa pakhoma.

Pali china chimene sindingabise. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. Vetiva sangaimitse zoterozo. Ngati nyumba yanu ili pansi pa miyala ikuluikulu, kapena m'khwawa lotsika kuphiri, kapena mukuona nthaka ikung'ambika kumtunda, zimene ndalembazi si zanu. Mvula ikalimbikira masiku angapo, tengani ana mukagone kwina.

Kwa enanu, mvula yamphamvu ikangokata tulukani ndi khasu mukayendere mizere. Pamene vetiva wafa bwezeranipo tsiku lomwelo, mwala wosuntha muubwezeretse. Akakula mumudule atsale m'maondo kuti phata lichite mphukira zambiri, masambawo muphimbire pansi pa mitengo yanu, ndipo mbuzi zisafikeko miyezi yoyambayi.