Dokotala akati mwana sakukula, amafufuza chiyani m'magazi?

Mukapita ndi mwana kusikelo kuno kumayiko akunja, musadabwe akamalimbikira kumuyeza msinkhu. Kupinimbira kumaonekera pa kutalika, ndipo mwana wonenepa bwino akhoza kukhala wopinimbira. Msinkhuwo amauika pa tchati cha mu 2006 cha WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndipo ukagwera pansi pa mzere wa -2, kusonyeza kuti ndi wamfupi kwambiri poyerekeza ndi ana a zaka zake, amati mwana wapinimbira. Ambirife timathamangira kunena kuti m'banja mwathu ndife afupiafupi. Komatu tchaticho anachipanga poyeza ana a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ndipo ana odya bwino, osadwaladwala, ankakula mofanana konseko.

Dokotala akatenga magazi, choyamba amaona hemoglobin, kuti adziwe ngati magazi ndi ochepa. Kenako ferritin, yomwe imasonyeza ayironi amene thupi lasunga. Apa m'pofunika kusamala. Mwana akakhala ndi matenda alionse, ferritin imakwera yokha, n'kuoneka ngati zonse zili bwino pomwe ayironi watha. Choncho funsani ngati ayezanso CRP, chizindikiro cha kutupa m'thupi. Kutupa kokhalitsa kumatsitsanso IGF-1, homoni yothandiza mafupa kutalika, n'chifukwa chake mwana wodwaladwala amaima kukula ngakhale akudya.

Madokotala ena angapemphe chimbudzi cha mwana. Musachite nazo manyazi. Matumbo amene akhala akulimbana ndi tizilombo ta m'madzi akuda amatupa mwakachetechete, osatsegula m'mimba, n'kulephera kuyamwa chakudya. Amayezanso TSH, homoni yosonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, ndi matenda a coeliac, omwe matumbo amavulala mwana akadya zakudya za tirigu. Kwa amene muli kumayiko ozizira, funsani za vitamini D, chifukwa khungu lakuda limapanga wochepa kumene dzuwa limasowa.

Palibe chizindikiro chimodzi chimene chimaulula zonse. Dokotala amafuna kuona mmene mwana wakhala akukulira mwezi ndi mwezi. Ngati mwana anabadwira kumudzi, bwerani ndi kabuku kake kakusikelo, ngakhale kothaitha. Wobadwira kuno, sungani bwino red book ya ku UK kapena Road to Health ya ku South Africa. Musamugulire mankhwala a ayironi musanamuyezetse, ochuluka amavulaza. Ndipo ngati mwana sakukula bwino ndipo sanakwanitse zaka 2, musadikire tsiku la katemera, pemphani kuonana ndi dokotala sabata ino, poti masiku 1,000 oyamba, kuyambira pathupi, ndi pamene msinkhu wotayika umavuta kubwezeretsa pambuyo pake.