Kukonza Loko Wokanirira ndi Mavuto a Magetsi pa Galimoto Yakale

Chitseko cha galimoto chikakana kutseguka, anthu ambiri amathamangira kupotokola kiyi mwamphamvu kapena kugula loko watsopano, pomwe vuto lenileni lingakhale fumbi, waya woduka kapena fyuzi imene yapsa. Musanamasule chilichonse, dziwani kaye ngati vutolo lili pa zitsulo kapena pa magetsi, ndipo khutu lanu ndi limene lingakuthandizeni kwambiri pamenepa.

Imani pafupi ndi chitseko chovutacho, kenaka dinani batani lokhomera zitseko zonse kapena la pa rimoti. Mukamva kamota ka m'kati mwa chitseko kakulira koma loko osasuntha, ndiye kuti magetsi akufika ndithu, ndipo vuto lili pa zitsulo za loko kapena pa magiya a kamotako, kamene amakaniko amakatchula kuti actuator. Ngati chitseko chimodzi chokha chili zii pamene zinzake zikukhomeka bwino, kayikirani mawaya a chitsekocho kapena kamota komweko. Zitseko zonse zikakana nthawi imodzi, yambani ndi fyuzi, relay (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi) ndi kabatire kozungulira ka mu rimoti, kamene pa marimoti ambiri kamakhala ka mtundu wa CR2032, ka mavolti 3. Chitseko chakumbuyo chikamatseguka kunja kokha, onani kabatani koteteza ana kamene kali m'mphepete mwake, chifukwa mwina wina anakasuntha mosadziwa.

Kiyi akamalimba pomuzunguza, musamukakamize, pakuti akathyokera m'kati ntchito imakula. Yesani kiyi wapadera amene sagwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Akazungulira bwino, ndiye kuti mano a kiyi wa masiku onse aperepeseka. Onse awiri akamalimba, thirani pabowo la kiyi ufa wakuda woterera wotchedwa graphite kapena mankhwala opopera ofewetsa loko koma osanyowetsa, kenaka lowetsani ndi kutulutsa kiyiyo kangapo. Girizi ndi oyilo wa injini si zoyenera pabowoli, chifukwa zimagwira fumbi n'kupanga matope amene amamanga timapini ta m'kati. Onaninso ngati chitseko sichinagwe: chinyamuleni pang'ono chili chotsegula, ndipo chikamagwedera, mahinjesi atha ndipo loko sakulunjika pachitsulo chimene amagwira.

Zimenezi zikakanika, pafunika kuchotsa chophimba cha m'kati mwa chitseko. Kwezani galasi mpaka pamwamba, zimitsani galimoto, ndipo chotsani waya wa pa mutu wa batire umene uli ndi chizindikiro chochotsera. Masikuluwu ambiri amabisika kuseri kwa chogwirira ndi pansi pa mabatani, ndipo mukawamasula, kanganulani chophimbacho pang'onopang'ono kuyambira pansi, chifukwa timapini tapulasitiki timene timachigwira timakhala titauma ndi zaka. Pepala lapulasitiki limene mudzalipeze kuseri kwake musaling'ambe kapena kulitaya. Ndilo limatchinga madzi amvula kuti asalowe m'galimoto. Mawaya ndi mapulagi achikasu nthawi zambiri amakhala a airbag, thumba la mpweya loteteza anthu pa ngozi, choncho musawayeze kapena kuwadula.

M'katimo mudzaona timitengo tachitsulo kapena tizingwe tochokera pa chogwirira ndi pa kiyi kupita pa loko. Kawirikawiri kapulasitiki kogwira kamtengo kamodzi kamathyoka, kamtengoko n'kumangolendewera, ndipo kusintha kachipangizo kakang'onoko n'kokwanira. Ngati zonse zili m'malo mwake, tsukani girizi wakale amene wauma pa loko n'kupaka watsopano wochepa, makamaka woyera wa lithium. Musanatseke chitseko, kankhani dzino la loko ndi sikuludiraiva ngati kuti chitsekocho chatsekeka, kenaka kokani zogwirira zonse ziwiri kuti muone ngati likumasuka. Ndimalimbikira kwambiri pa mfundo imeneyi, chifukwa chitseko chimene chatsekeka ndi loko wosamasuka n'chovuta kuchitsegula popanda kuwononga chophimba.

Malo amene ambiri amawaiwala ndi kapaipi ka labala kamene kali pakati pa chitseko ndi bodi ya galimoto, pafupi ndi mahinjesi. Mawaya onse a loko, a galasi ndi a sipika amadutsa m'menemo, ndipo amapindika nthawi iliyonse imene chitseko chatsegulidwa, mwakuti pakapita zaka amathyoka, makamaka pa chitseko cha dalaivala. Chizindikiro chake n'chakuti loko kapena galasi limagwira ntchito chitseko chikatsegulidwa pang'ono, n'kusiya chikatsekedwa. Kokerani labalayo m'mbuyo n'kukoka waya aliyense mofatsa. Amene akutanuka ngati mphira ndiye kuti waduka m'kati ngakhale chikopa chake chikuoneka chabwino. Dulani mbali yowonongekayo, lowetsanipo waya watsopano wonenepa mofanana, wotcherani ndi mtovu n'kuphimba ndi kapaipi kamene kamafinyika kakatenthedwa. Mfundo zolumikizirazo zikhale m'kati mwa chitseko kapena mwa bodi, osati pamalo popindika. Kungopota mawaya n'kukulunga tepi kumagwira milungu yochepa chabe.

Fyuzi ikapsa, ikanipo ina ya mphamvu yofanana. Pa mafyuzi amiyendo iwiri amene ali m'magalimoto ambiri, yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, ndipo yobiriwira 30. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya amene wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Kuikapo fyuzi yokulirapo kapena kawaya m'malo mwake n'koopsa kwambiri, chifukwa chimene chidzapsa tsopano ndi mawaya enieniwo, ndipo moto ungabuke.

Mavuto osokoneza mutu, monga magetsi akumbuyo kuphethira mukayatsa indiketa kapena maloko kugwira ntchito mwa apo ndi apo, nthawi zambiri amayamba ndi batire lofooka kapena waya wa earth (wobwezera magetsi ku batire kudzera m'bodi) amene wachita dzimbiri pamene wamangiriridwa ku bodi. Yezani batire ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi: lodzaza bwino limasonyeza mavolti pafupifupi 12.6 injini itazima kwa maola angapo, ndipo injini ikamalira liyenera kusonyeza pakati pa 13.8 ndi 14.4, umene ndi umboni wakuti altaneta ikutchaja. Tsukani zoyera zimene zimamera pa mitu ya batire ndi madzi osakaniza ndi soda, palani malo omangirira waya wa earth mpaka chitsulo chiwale, ndipo mangani zolimba. Pobwezeretsa mawaya a batire, wa chizindikiro chochotsera ukhale womaliza.

Batire labwinobwino likamatha usiku umodzi, pali chipangizo chimene chikudya magetsi galimoto ili chozima. Lumikizani multimeter, itaikidwa poyezera maampu, pakati pa mutu wochotsera wa batire ndi waya wake, tsekani zitseko zonse, ndipo dikirani kwa mphindi zingapo kuti makompyuta a galimoto agone. Musalize injini mita ili pamenepo. Ikamasonyeza mamiliampu opitirira kwambiri 50, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambalayo itsike, ndipo fyuzi imene yachititsa kuti itsike ndi imene ikusonyezani njira yoti mutsatire. Pa galimoto yakale, wolakwa amakhala kawirikawiri kaswichi ka pa chitseko kapena ka m'buti kamene kamasiya getsi lili chiyakire, kapena wailesi ndi alamu zimene zinalumikizidwa molakwika pambuyo pake. Mukamva fungo la waya wopsa kapena kuona getsi la airbag likuyaka padashibodi, chotsani waya wa batire n'kuitana katswiri wa magetsi a galimoto.