Momwe mungafikire pa mapiri ophulika a Bromo ndi Ijen ku Indonesia

Dziko la Indonesia lili ndi zilumba zoposa 17,000, ndipo alendo ambiri amangothera ku Bali, koma amene akufuna kuona phiri likufuka utsi ndi maso ake ayambire kum'mawa kwa chilumba cha Java, komwe kuli Bromo ndi Ijen. Konzani ulendo wanu pakati pa Meyi ndi Seputembala mvula itakata, chifukwa nyengo ya dzinja mitambo imaphimba mapiri ndipo mutha kubwerako osaona kanthu.

Pochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre mudzadutsa ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg, kenako ku Singapore kapena ku Jakarta, koma tikiti yanu ikathere ku Surabaya, mzinda wa kum'mawa kwa Java. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6, ndipo visa muifunsire pa webusaiti ya boma la Indonesia lenilenilo, popeza pali masamba ena ooneka ngati a boma amene amalipiritsa ndalama zoonjezera. Ndalama zakunja yambani kuzipempha ku banki kudakali nthawi, monga mukudziwa mmene zimavutira kuno kwathu, ndipo mukafika musinthe ma rupiah (ndalama za ku Indonesia) okwanira chifukwa kumapiri zambiri amalipira pamanja.

Ku Surabaya kwerani sitima pa siteshoni ya Gubeng, ndipo patatha pafupifupi maola awiri mudzatsika ku Probolinggo. Apa ndi pamene muyenera kutsegula maso. Kuchoka m'tauniyi kupita ku Cemoro Lawang, mudzi womwe uli m'mphepete mwa chigwa cha Bromo, pamayenda maminibasi amene sanyamuka mpaka atadzaza, ngati akwathu kuno, ndipo anthu ena amapezerapo mpata pa kuchedwako. Ine nditangotsika, bambo wina waulemu kwambiri anandiuza kuti maminibasi atha tsikulo, nanditengera ku kaofesi komwe anandigulitsa ulendo wonse pamodzi, kutanthauza galimoto, chipinda ndi jipi ya m'bandakucha, akunenetsa kuti ndalama yolowera m'paki ili momwemo. Titafika pachipata usiku, alonda anafuna tikiti yomwe ndinalibe, dalaivala anati za ofesi ija sizikumukhudza, ndipo ndinalipiranso kachiwiri anzanga a m'jipi akudikira m'chisanu.

Choncho musanachoke ku Surabaya lankhulanani ndi nyumba ya alendo imene mukagone ku Cemoro Lawang, kuti iwo akutumizireni galimoto ndi kukupezerani jipi, popeza munthu amene mukagone pakhomo pake sangakuzembeni. Tikiti yolowera mu Bromo Tengger Semeru National Park mugule nokha pa intaneti, podziwa kuti mtengo wa alendo akunja ndi wokwera kuposa wa nzika. Ngati mwasankhabe kugula ulendo wonse kwa munthu mmodzi, akulembereni papepala chilichonse chimene mwalipira, chimodzichimodzi, ndipo musapereke ndalama zonse musananyamuke.

Jipi imabwera cha m'ma 3 koloko usiku kukutengerani ku Penanjakan, pamalo okwera pomwe dzuwa likamatuluka mumaona Bromo akufuka, ndipo kumbuyo kwake kuli Semeru, phiri lalitali kuposa onse pa Java, la mamita 3,676. Valani jekete lolemera, chifukwa ngakhale dzikoli ndi lotentha, kumtundako kumazizira mpaka kuuma zala. Amene ali ndi miyendo yamphamvu atha kupulumutsa ndalama ya jipi poyenda wapansi ndi tochi kuchokera m'mudzimo kukafika pa King Kong Hill, malo ena okwera oonerapo Bromo. Kukacha mumatsikira m'chigwa cha mchenga, kudutsa kachisi wa Pura Luhur Poten, ndi kukwera masitepe pafupifupi 250 kufika pakamwa pa phiri la Bromo, lomwe ndi lalitali mamita 2,329. Kwa anthu a mtundu wa Tengger, omwe ndi Ahindu, malowa ndi opatulika, ndipo chaka chilichonse pa mwambo wa Yadnya Kasada amaponya zopereka m'dzenjemo, choncho musataye zinyalala kapena kuchita phokoso. Musanakwere, onani pa MAGMA Indonesia, webusaiti ya boma yochenjeza za mapiri ophulika, ngati boma lakweza chenjezo, chifukwa nthawi zina kufika pakamwapo kumaletsedwa.

Za Ijen, bwererani ku Probolinggo ndi kukwera sitima yopita ku Banyuwangi. Kukwera phirilo wapansi kumayambira pamalo otchedwa Paltuding usiku, mtunda wa makilomita pafupifupi 3, ndipo kuyambira 2024 amafuna kalata ya dokotala yotsimikizira kuti muli bwino, yomwe mutha kuipeza pa chipatala chaching'ono ku Banyuwangi. Bwerekani chigoba chotetezera ku utsi wa sufule, ndipo muchiyese musanalipire chifukwa zina ndi zotha ntchito. Moto wa buluu, womwe ndi mpweya wa sufule woyaka m'dzenje la phirilo, umaoneka kusanache basi, pomwe nyanja ya asidi ya m'dzenjemo imaoneka kukayera. Panjirapo muwapatse mpata anthu osenza madengu a sufule olemera makilogalamu oposa 70.

Mukatsika, pitani ku doko la Ketapang, komwe sitima yapamadzi imaolotsa anthu kupita ku Gilimanuk pa chilumba cha Bali m'nthawi ya pafupifupi ola limodzi, ndipo ku Bali alendo akunja amalipira msonkho wa ma rupiah 150,000.